Pulani yotukula zokopa alendo yalembedwa osatifunsa ife operekeza alendo

Mlondolanjira:
Moni nonse. Ndakhala ndikuperekeza alendo m'mapiri ndi m'nkhalango kwa zaka 19, kudera komwe mabasi a alendo safika kawirikawiri. Chaka chatha kunabwera akatswiri awiri kudzalemba pulani yotukula zokopa alendo m'chigawo chathu. Anagona masiku atatu, anakumana ndi akumaofesi, anajambula mathithi, basi ulendo. Pulaniyo itatuluka ndinaiwerenga yonse. Njira imene akuti ndiyo idzakhale yodzera alendo ndi ija imadulidwa ndi madzi miyezi inayi pachaka. Phanga limene alendo anga safuna kuchokako mulibemo n'komwe. Ine ndi anzanga sanatifunse kanthu.

Zandiwawa chifukwa ndalama zidzathera panjira yosathandiza, kenako adzati kuno kulibe chokopa anthu. Ndiye ndifunse: kodi kuli dziko kumene zimene amadziwa eni malo zinalowadi m'ndondomeko ya boma?

MayiWaLoji:
Achimwene, ndakumvani, ndipo pepani. Koma mundilole ndikutsutseni pang'ono. Akanakufunsani, mukanawapatsa chiyani choti anyamule? Ine ndili ndi malo ogona alendo a zipinda zisanu ndi chimodzi. Kwa zaka zambiri ndinkangolembetsa dzina ndi nambala ya pasipoti. Nditayamba kufunsa mlendo aliyense kumene wachokera, amene anamuuza za kuno ndi chimene chamulepheretsa kugona tsiku lachiwiri, ndinadabwa. Ambiri sankadandaula za msewu ayi. Ankati madzulo akusowa chochita, ndiponso sapeza pofunsira za maulendo asananyamuke kwawo. Inu mumadziwa phiri, ine ndimadziwa mlendo, koma zonsezi zili m'mitu mwathu. Katswiri wa masiku atatu amanyamula zimene wazipeza papepala.

Mphunzitsi_Z:
Bambo Mlondolanjira, kuliko. Ku Namibia boma linasintha lamulo mu 1996 kuti anthu akumidzi azitha kukhazikitsa madera awoawo osungira nyama, n'kumapindula ndi zokopa alendo m'maderamo. Oyamba analembetsedwa mu 1998, ena mwa iwo ndi Torra ndi Nyae Nyae. Chimene ndimachikonda kumeneko n'chakuti alonda a nyama ochokera m'midzi momwemo amalemba m'mabuku zimene aona: nyama, misampha, mbewu zoonongedwa. Komiti ya deralo ikamakambirana ndi kampani yofuna kumanga malo ogona, imakhala ndi mabuku ake m'manja, ndipo imayankhula ngati mwini nthaka.

Ku Rwanda anadzera njira ya ndalama. Kuyambira mu 2005, midzi yozungulira malo osungira nyama inkalandira 5 peresenti ya ndalama zochokera kwa alendo, ndipo mu 2017 anakweza kufika pa 10 peresenti, chaka chomwe chilolezo chokaona magorila kumalo osungira nyama a Volcanoes chinakwera kuchoka pa madola 750 kufika pa 1,500. Nzabwino, koma kugawiridwa ndalama sikufanana ndi kufunsidwa maganizo. Pa funso lanu, ine ndimaona kuti ya ku Namibia ndiyo ikuyankha.

Pankhani yolemba imene anena mayiwa, pali pulogalamu ya pafoni kapena pakompyuta ya m'manja yotchedwa CyberTracker imene Louis Liebenberg anayambitsa m'zaka za m'ma 1990, atagwira ntchito ndi alenje a mtundu wa San kuchipululu cha Kalahari. Imagwiritsa ntchito zithunzi, kotero munthu wodziwa mapazi a nyama koma wosadziwa kuwerenga amatha kusunga zimene waona pamodzi ndi malo ake enieni.

Mlondolanjira:
Zikomo aphunzitsi, za ku Namibiazo sindinkazidziwa. Amayi, mwandigwira pamtima, ndipo ndavomera kuti sindinalembepo kalikonse. Koma ndili ndi mantha amodzi. Phanga lija anandionetsa ndi mkulu wina amene anatisiya kale, ndipo anandiuza mbali yolowera ndi mbali imene munthu sayenera kupondako. Ndimatengerako anthu osapitirira asanu pa ulendo umodzi. Ndikalilemba pamapu n'kupereka kuofesi, mawa kampani yaikulu idzabwera ndi anthu 40 ndi operekeza ake, zojambula za pakhoma zidzagwidwagwidwa, ine n'kutsala ndikungoyang'ana. Ndiye ndilembe kuti andimve, kapena ndibise kuti malowo apulumuke?

Mphunzitsi_Z:
Manthawo ndi omveka. Richard Butler, katswiri wa zokopa alendo, analongosola zimenezi mu 1980: malo amayamba ndi alendo ochepa operekezedwa ndi eni dera, akatchuka amalonda akunja amatenga ulamuliro, ndipo alendo akachulukitsa malowo amaguga. Ku Lascaux, ku France, phanga la zojambula zakale analitseka mu 1963 chifukwa mpweya wa alendo unkaononga zojambulazo.

Musapereke nokha, bambo. Sonkhanani operekeza nonse ndi mafumu a deralo, mulembe magawo awiri. Loyamba likhale lopita kuofesi: njira zodutsika mwezi ndi mwezi, malo otunga madzi, chiwerengero cha alendo amene mwaperekeza. Lachiwiri lisungidwe ndi gulu lanu, ndipo phangalo likhale mmenemo mpaka pulani italemba malire a anthu olowa patsiku komanso kuti wolowetsa akhale wa m'deralo.

MayiWaLoji:
Achimwene, yambani ndi njira ija ya madzi, poti nyengo ya mvula ili pafupi. Muijambule mwezi uliwonse, muzilemba ndi tsiku. Mukafuna, ndikutumizirani mafunso amene ndimafunsa alendo anga, musinthe pena ndi pena kuti agwirizane ndi ntchito yanu.