Kodi othamangitsa njinga zamoto amafika bwanji ku MotoGP?

Wofunsa: Abale, dzulo ndimaonera MotoGP, mpikisano waukulu uja wa njinga zamoto padziko lonse, anyamata aja pokhota amagoneka njinga mpaka bondo kukhula pansi, ine mtima uli phaa. Ndiye ndimafuna ndidziwe, amayambira pati kuti afike pamenepo? Kapena umangogula njinga nkukalembetsa basi?

Wokonda_liwiro: kkkk kulembetsa chani achimwene. Ambiri amayamba ali tiana pa tinjinga tating'ono, kenako mipikisano ya m'dziko lawo, akaoneka kuti ali ndi luso ndiye amalowa Moto3 ya injini za 250cc, akachita bwino Moto2 ya 765cc injini za Triumph, ndiye pomaliza MotoGP. Panopa Moto3 sulowa usanakwane zaka 18 kupatula ochepa chabe.

Mkulu_wakale: Tengani Valentino Rossi, nthawi yake m'malo mwa Moto3, Moto2 ndi MotoGP kunali magulu a 125cc, 250cc ndi 500cc. Analowa 125cc mu 1996, 1997 watenga chikho, 1999 watenga cha 250cc, 2001 cha 500cc ndi Honda. Koma chomwe chimandisangalatsa ine ndi 2004, anasiya Honda yomwe inali njinga yabwino koposa nkupita ku Yamaha, anthu nkumati wazithera yekha ameneyu, iye nkukawina mpikisano woyamba weniweniwo ku Welkom ku South Africa, chaka chomwecho chikho nkutenganso. Anasiya kupikisana mu MotoGP mu 2021.

Wapatali: Musaiwale Brad Binder wa ku South Africa, anadutsa mpikisano wa achinyamata wa Red Bull Rookies Cup, 2016 chikho cha Moto3, 2020 anawina ku Brno ku Czech Republic ali watsopano mu MotoGP. Komano popanda ma sponsa olo uli ndi luso sufika kutali, timu imafuna ndalama.

Wofunsa: Nanga kuvulala bwanji?

Mkulu_wakale: Funsani Marc Márquez, anathyola mkono ku Jerez ku Spain mu 2020, anachita kupangidwa opaleshoni kanayi konse.