Za firewall ija: sindinagulenso kachipangizo

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati ndigule kachipangizo ka firewall (chitetezo chotchinga zolowa mu kompyuta kudzera pa netiweki) kapena ndingodalira ya mu Windows. Ndinatsatira malangizo akuti ndiyambe ndaona rauta ya kunyumba (kabokosi kogawa intaneti), chifukwa imakhala kale ndi firewall yake yotchinga zosaitanidwa zochokera pa intaneti. Nditalowamo, mtima unandigunda: pasiwedi inali ikadali "admin" yomweyo yolembedwa kunsi kwa rautayo! Ndinaisintha pomwepo, n'kuzimitsanso UPnP, yomwe imalola zipangizo kudzitsegulira zokha njira yodutsira pa rautayo.

Windows Defender Firewall ndinaiyatsa. Printa inasiya kuoneka pa laputopu, ndipo ndinavutika madzulo onse mpaka nditasintha netiweki ya kunyumba mu Windows kuchoka pa Public (ya pagulu) kupita pa Private (yodalirika, yolola zipangizo kuonana).

Firewall ya mu kompyutayo musaizimitse chonde. Mukanyamula laputopu kukalumikiza Wi-Fi ya kwina, rauta imatsala kunyumba.