Thandizeni: ndikufuna kutsitsa Mustang ya 1967 osaiwononga

Akuluakulu amene munagwirapo magalimoto akale a ku America, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Ford Mustang ya 1967, ya injini ya 289. Imaima motukuka, kutsogoloku chibakera chimalowa pakati pa tayala ndi bodi, ndipo pakona imapendekeka mochititsa mantha. Ndikufuna itsike mainchi ngati awiri basi.

Makaniko wina akuti tingodula masipiling'i akutsogolo ndi girayinda. Mtima wanga ukukana, chifukwa sipiling'i yodulidwa imauma, ndipo mukadula mopitirira simungabwezerenso. Kodi ndigule ofupika kale? Nanga njira ya Carroll Shelby, katswiri wa magalimoto ampikisano, yoboola mabowo atsopano n'kutsitsa upper control arm (chitsulo chapamwamba chogwira tayala lakutsogolo) inchi imodzi monga anachitira pa Mustang GT350 ya 1965, ingayendere limodzi ndi masipiling'i ofupikawo popanda kupanikiza ma ball joint (mfundo zolumikiza chitsulocho ndi mbali ya tayala)? Apa ndi pamene ndikufunitsitsa kumva kwa amene anachitapo ndi manja awo.

Kumbuyo kuli masipiling'i a leaf (azitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana), ekiselo ili pamwamba pake, ndiye mabuloko oika pakati pa ziwirizi ndi ma U-bolt (mabawuti opindika ngati U) aatali angaitsitse motchipa. Koma masipiling'iwo ndi otopa, mbali ya dalaivala yagwera kale pang'ono. Ndiikebe mabuloko, kapena ndisinthe onse?

Ekisozi nayo ikundidetsa nkhawa, imakhula kale pa mahampu. Ndipo mashoko amene alipowa angapirire galimoto ikatsika, kapena azigunda pansi?