Kodi mawu otukwana ndi oyenera pa chithunzi chopenta?

Wopenta wa ku Lizulu:
Akuluakulu, ine ndimapenta zithunzi pansalu n'kulembapo mawu anthabwala. Mwezi watha ndinajambula chidakwa chitagwera m'ngalande, njinga ili chagada, ndipo pamwamba ndinalemba mawu otukwana amene munthu wotero amalankhula. Anyamata anaseka mpaka kugwira nthiti, koma mayi wina amene anabwera ndi ndalama m'manja atawerenga anangotembenuka. Kodi ndinalakwitsa?

Gogo wa ku Mua:
Mwanawe, mawu olaula si achilendo kwathu kuno, pakuti nyimbo zina za Gule Wamkulu ndi za kuchinamwali zili nawo, koma zimaimbidwa pabwalo lake ndi pa nthawi yake. Chithunzi chimapachikidwa pabalaza, ndipo sichidziwa kutseka pakamwa apongozi akalowa.

Mphunzitsi wa pa Dedza boma:
Zojambula za pamiyala ya Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2006, zina mwa izo zinkaphunzitsa anamwali zachinsinsi popanda chilembo n'chimodzi chomwe. Phiphiritsani, bambo. Mukanangolemba kuti "Dzulo anali bwana," mayi aja akanaseka n'kugula.