Nkhumba ya masese: kodi n'zoona kuti nyama yake imayambitsa khunyu?

Woweta_Nkhumba:
Akuluakulu, ndithandizeni. Anthu akuti ukadya nkhumba ya masese, timadzimadzi toyera tija tooneka ngati mpunga m'nyama, umadwala matenda akugwa. Ena akuti bola kuiwotcha bwino pa chiwaya. Zoona zake n'ziti? Nanga nkhumba yoti yapezeka nawo kale ingachizike, kapena n'kungoikwirira basi?

Mlangizi_wa_Ziweto:
Achimwene, anthu akusakaniza zinthu ziwiri. Masesewo ndi ana a njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium. Munthu akadya nyama yosapsa yokhala ndi masese amoyo, kamodzi kamakola m'matumbo n'kukula. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu imakhala njoka yathyathyathya yotalika mamita awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposa. Mwini wake kawirikawiri samva kalikonse, amangoona tizidutswa toyera m'chimbudzi. Kachidutswa kamodzi kamakhala ndi mazira masauzande makumimakumi.

Khunyu limabwera ndi mazirawo, osati nyama. Nkhumba ikadya chimbudzi cha munthu wa njokayo, mazira amaswa m'mimba mwake, ana n'kulowa m'magazi kukakhazikika m'minofu, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu masese akhwima. Munthu akameza mazira omwewo, kudzera m'manja osasamba, ndiwo zamasamba zosatsuka kapena madzi a pachitsime chosatetezedwa, thupi lake limachita ngati la nkhumba: masese amamera mwa iyeyo, ena n'kukafika ku ubongo. Amatha kukhala phee zaka zingapo. Akayamba kufa, ubongo umatupa pamalopo, munthu n'kuyamba kugwa.

Choncho ngakhale munthu amene sanalawepo nkhumba chibadwire akhoza kudwala. Ku New York, cha m'ma 1990 ndi 1991, matendawa anapezeka m'mabanja a Ayuda osadya nkhumba, ndipo ofufuza anaona kuti mazira ayenera kuti anabwera ndi antchito a m'nyumba ochokera ku Latin America. Koma musati ndiye kuti nyama ilibe mlandu. Wodya nyama yosapsa ndiye amasanduka nkhokwe ya mazira pakhomo, ndipo woyamba kuwameza amakhala iye mwini ndi ana ake.

Bungwe la WHO limati m'madera momwe njokayi ndi yofala, pafupifupi anthu 30 mwa 100 alionse a khunyu amadwala chifukwa cha iyo. Kafukufuku wa University of Zambia ndi anzawo a ku Belgium m'boma la Katete, kwa Achewa anzathu, anajambula ubongo wa anthu akugwa ndi kuwayeza magazi, n'kupeza zizindikiro za masese mwa oposa theka.

Woyeza_Nyama:
Ndiwonjezereko za kuyeza, chifukwa ogula ambiri amadalira lilime. Amagwetsa nkhumba, kuipingasa mtengo m'kamwa, kukoka lilime ndi nsalu n'kupapasa kunsi kwake. Mukamva timibulu, nkhumbayo ili nawo ndithu, pamenepo palibe kutsutsa. Vuto lili pamene simunamve kanthu. Ofufuza ku Zambia anayerekeza njira zosiyanasiyana zoyezera, zotsatira zake zinatuluka mu 2004, ndipo anapeza kuti lilime limagwira nkhumba imodzi yokha mwa zisanu zodwala. Kucheka nyama kwa masiku onse pamalo ophera nakonso kunagwira chimodzimodzi. Nkhumba imene imagwidwa ndi yodzaza masese. Yokhala ndi khumi kapena makumi awiri thupi lonse imadutsa bwinobwino, pomwe limodzi lokha ndi lokwanira kupatsa munthu njoka.

Mukapha, chekani masaya, lilime, mtima, mnofu wa paphewa ndi ntchafu, mocheka mozama osati kungokanda pamwamba. Lamoyo limakhala kathumba ka madzi kosaposa njere ya nyemba, kokhala ndi kadontho koyera mkati, komwe ndi mutu wa njokayo. Lakufa limauma, limachita chikasu, ndipo mpeni umalira ngati wadutsa pa mchenga. Musasokoneze ndi matumba akuluakulu a madzi olendewera pa mafuta a matumbo kapena pachiwindi. Amenewo ndi a njoka ina ya agalu, Taenia hydatigena, yomwe sigwira anthu. Chotsani mukwirire, osaponyera galu. Imeneyi imasokonezanso ofufuza, chifukwa kuyeza magazi kwa Ag-ELISA sikusiyanitsa ziwirizi.

Za chiwaya: moto umapha masese, koma uyenera kufika pakati. Nthuli yaikulu yoponyedwa m'mafuta otentha kwambiri imapsa kunja mkati muli mofiirira, ndiye poti kasitomala akufulumira, imatsika choncho. Dulani tizidutswa tating'ono, kapena yambani mwaiwiritsa mpaka mkati musakhale kufiira kulikonse. Mchere, utsi, tsabola ndi ndimu musazidalire. Kachasu nayenso sapha kanthu m'mimba, zimenezo ndi nkhani za pamowa. Ndipo nyama yooneka masese ndi maso siyoyenera kugulitsa, ngakhale pamtengo wotsika.

Dokotala_wa_Ziweto:
Funso lachiwiri lija, inde, nkhumba yamoyo imachizika. Mankhwala ake ndi oxfendazole, womwetsa kamodzi, mamiligalamu 30 pa kilogalamu iliyonse. Ngati botolo lalembedwa 10%, ndiye mamililita atatu pa makilogalamu khumi; nkhumba ya makilogalamu 30 imamwa mamililita 9. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amatsata mlingo wa njoka wamba wolembedwa pa mabotolo a mbuzi ndi ng'ombe, womwe ndi wochepa kwambiri, masese osafa. Kuyeza kulemera ndi maso nakonso kumanamiza, pezani sikelo. Musaphe nkhumbayo masiku 21 asanathe chifukwa cha mankhwala otsalira m'nyama, ndipo kuti zipsera za masese zizimiririke pamafunika masabata 8 mpaka 12. A mu ubongo wa nkhumba ena amapulumuka, choncho mutu usadyedwe wosapsa.

Katemera alipo. Anamupanga a Marshall Lightowlers ndi gulu lawo ku University of Melbourne, dzina lake TSOL18, ndipo kampani ya Indian Immunologicals inayamba kumugulitsa pa dzina loti Cysvax atavomerezedwa ku India mu 2016. Amabaya mililita imodzi mumnofu, kawiri, motalikitsa pafupifupi mwezi, kuyambira nkhumba ili ndi miyezi iwiri. Katemerayu amatchinga mazira atsopano koma sapha masese amene alipo kale, n'chifukwa chake pa jekeseni wachiwiri amamwetsanso oxfendazole. Atayesa njira imeneyi kumpoto kwa Cameroon, nkhumba zobayidwa zitaphedwa sizinapezeke ndi sese lamoyo ngakhale limodzi. Ku Tumbes, m'dziko la Peru, anaphatikiza katemera, mankhwala a nkhumba ndi kumwetsa anthu a m'midzi yonse mankhwala a njoka, ndipo kufala kunaduka m'midzi pafupifupi yonse.

Chovuta n'chakuti katemerayu amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, sapezeka wamba m'mashopu a mankhwala a ziweto, komanso mlimi saona phindu msanga poti nkhumba ya masese imadya ndi kunenepa ngati inzake. Chigodola chikadutsa, khola lonse n'kutha, anthu amagula ana a nkhumba atsopano osabayidwa, ntchito n'kuyambiranso. Kwa woweta wamba, khola lolimba ndi chimbudzi chokhala ndi chitseko zimagwira ntchito yaikulu kuposa jekeseni. Nthawi yoopsa ndi mukakolola, pamene nkhumba zimatsekulidwa kuti zizidzifunira zokha chakudya poti madeya achepa.

Namwino_Wakumudzi:
Bambo, nkhumba yanu ikapezeka ndi masese, dziwani kuti pali munthu pafupi, pakhomo panu kapena kwa aneba, amene ali ndi njoka. Kuchiza nkhumba n'kumusiya iyeyo, miyezi itatu sikutha, zina zatenganso. Pitani kuchipatala banja lonse mukafotokoze. Munthu wamkulu amapatsidwa niclosamide magalamu awiri kamodzi, kapena praziquantel mamiligalamu 10 pa kilogalamu. Praziquantel yemweyu ndi wa likodzo uja, koma musakagule nokha. Amafika ku ubongo, ndipo ngati muli masese obisala, akhoza kuwadzidzimutsa munthu n'kugwa kapena kumva mutu woopsa patangopita masiku ochepa. Aliyense amene anagwapo kapena amadwala mutu wosatha anene asanamwe. Masiku oyamba mutamwa, chimbudzi chimatuluka ndi mazira ambiri, choncho kuthengo ayi, ndipo sopo asachoke pa mpondagiya.

Wa khunyu kale ayambe mankhwala oletsa kugwa, monga carbamazepine kapena phenobarbital, osadumphitsa. Kupha masese a mu ubongo ndi albendazole kumafuna kujambula mutu kaye ndi makina a CT kapena MRI, komanso mankhwala oletsa kutupa, ndiye ndi za chipatala chachikulu. Ndipo thovu la munthu wakugwa silipatsirana matendawa. Musaope kumukhudza, mumuchotse pafupi ndi moto, mumugoneke cham'mbali, osamuika supuni m'kamwa.

Woweta_Nkhumba:
Zikomo nonse. Funso limodzi kwa adokotala: nkhumba ya bere ingamwe oxfendazole pa mlingo umenewu?

Dokotala_wa_Ziweto:
Musathamangire. Mankhwala a gulu limeneli amafuna kusamala pa bere laling'ono. Itanani mlangizi wa ziweto wa dera lanu aione kaye, kapena dikirani iswe. Pakadali pano itsekereni m'khola isafike kudzala.