Sampu ikuthetheka pa Korg Triton Extreme ngakhale ndatsitsa Recording Level

Wakibodi_wa_kwaya:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kujambula ng'oma ndi chisekese kuti ndiziike pa makiyi a kibodi yanga ya Triton Extreme. Mawu akuchokera pa mikisa, waya walowa pa AUDIO INPUT 1. Ng'oma ikamenyedwa mwamphamvu, pa sikirini pakutuluka ADC OVERLOAD ndipo sampu, mawu ojambulidwawo, ikumveka ngati sipika yong'ambika. Recording Level ndatsitsa mpaka -12 dB koma palibe chasintha. Ndikachepetsa kwambiri pa mikisa kuthetheka kukutha, koma kukubwera phokoso la "sssss". Ndigwire pati?

Mmisiri_wa_mawu:
Achimwene, mukutsitsa polakwika. Mawu akalowa mu kibodi amadutsa kaye pa kabatani kozungulira ka LEVEL kumbuyo, kenako pa ADC, yomwe imawasandutsa manambala, ndiye n'kufika pa Recording Level ya pa sikirini. ADC OVERLOAD ikutanthauza kuti mawu awonongekera pa ADC pomwepo. Mukatsitsa Recording Level mukungochepetsa mphamvu ya mawu owonongeka kale.

Yambani ndi kaswichi ka MIC/LINE kumbuyoko. Ndikukayikira kuti kali pa MIC. Mikisa imatulutsa mawu amphamvu, nthawi zambiri +4 dBu, pomwe maikolofoni imatulutsa ofooka kwambiri, choncho mbali ya MIC imawakweza kaye. Mukalowetsa mikisa pa MIC, kuthetheka n'kosapeweka, ndipo mukaitsitsa kuti muthawe kuthethekako, kibodi imakweza phokoso la m'mawaya. Ndiye "sssss" mukumumvayo.

Ikani pa LINE, LEVEL ibwerere pa MIN, Recording Level pa 0.0. Pa Sampling mode onetsetsani kuti Level ya Input 1 ili pa 127 ndipo BUS Select yake ili pa L/R, apo ayi simumva kanthu. Dinani SAMPLING REC kuti mita iyambe kuyenda. Womenya ng'omayo amenye mwamphamvu momwe adzamenyere pojambula, osati mongoyesa. Kwezani LEVEL pang'onopang'ono mpaka ADC OVERLOAD ionekere, kenako bwezani mpaka isaonekenso, n'kubwezanso pang'ono. Pa ng'oma siyani mpata wa 6 dB pansi pa 0, chifukwa kumenya koyambako kumathamanga kuposa momwe diso lingaonere pa mita. Mukaona CLIP, chenjezo lakuti mawu apyola 0, popanda ADC OVERLOAD, apo ndiye pogwira Recording Level.

Wakibodi_wa_kwaya:
Zoonadi kanali pa MIC, zikomo akulu. Kuthetheka kwatha. Koma tsopano ndikakweza LEVEL masipika akulira "wiiii", komanso chiyambi cha ng'oma chikuduka.

Mayi_wa_situdiyo:
Kulirako ndi feedback. Kibodi yanu ikutumiza mawu ku mikisa, mikisa n'kuwabwezera ku kibodi kudzera pa Main Out, ndiye akungozungulira. Tengani mawu pa Aux Send, potulukira mawu pena pa mikisa, mukweze aux pa tchanelo cha maikolofoni chokha, ya tchanelo cha kibodi ikhale pa ziro. Pojambula mverani pa mahedifoni, masipika azime.

Za kudukazo, Trigger yanu iyenera kuti ili pa Threshold. Kibodi imadikira kuti mawu apyole mulingo womwe mwaika, ndiye pofika poyamba kujambula kachiyambi kamakhala katadutsa kale. Tsitsani Threshold kufika cha pa -30 dB ndipo Pre Trigger REC, yomwe imasunga mawu omveka kujambula kusanayambe, muiike pa 10 kapena 20 ms. Chisekese chimayamba monong'ona, choncho ine ndingachijambule podina START/STOP ndekha, n'kudula zotsala ndi Truncate.

Ng'oma imodzi pa maikolofoni imodzi musaijambule Stereo. Sankhani L-Mono, Pan ya Input 1 ipite kumanzere kwenikweni. Triton imajambula pa 48 kHz, 16-bit, kutanthauza 96 KB pa sekondi iliyonse ya mono. Ngati simunawonjezere ma SIMM, timabolodi ta memore, memore yanu ndi 16 MB, yokwana mphindi ziwiri ndi masekondi 54 pa mono, ndipo pa stereo ndi theka lake.

Bambo_wa_bezi:
Ine ndimaona kuti za mulingo mukuzikulitsa. Jambulani motsika, kenako Normalize. Nkhani yatha.

Mmisiri_wa_mawu:
Bambo, pamenepo sindikuvomerezani kwathunthu. Normalize imakweza zonse pamodzi, ng'oma ndi phokoso lomwe. Pa 16-bit, kutsika kulikonse kwa 6 dB kumadya bit imodzi. Mukajambula pa -30 dB mwataya ma bit asanu, ndipo mudzazimva kumapeto kwa liwu la ng'oma likamazimirira. Kukweza kuchokera pa -6 kulibe vuto. Zojambula motsika chonchozo zimayenda bwino pa makina a 24-bit.

Achimwene ofunsa, musanajambule mvetserani pa mahedifoni m'chipinda muli zii. Mukamva "mmmm" wokhuthala, ndi hum ya 50 Hz ya magetsi athuwa, ndipo imabwera kawirikawiri kibodi ndi mikisa zikalumikizidwa pa masoketi osiyana. Zilumikizeni pa extension imodzi. Ma input a Triton ndi unbalanced, mtundu womwe umakoka phokoso mosavuta, choncho waya akhale wamfupi, asapyole mamita atatu ngati n'kotheka, ndipo asagonerane ndi mawaya a magetsi. Musadule phini ya earth pa pulagi ngakhale wina akuuzeni kuti imathetsa hum, mutha kugwidwa ndi magetsi. Mukafuna kulowetsa maikolofoni mwachindunji, ikhale ya dynamic monga Shure SM57. Ya condenser imafuna magetsi a 48V, yomwe kibodiyi situlutsa.

Mayi_wa_situdiyo:
Chinanso: sampu zimakhala mu RAM, magetsi akangothima zapita zonse. Mukamaliza ng'oma iliyonse pitani pa Media mode, Save Sampling Data, musunge pa CompactFlash. Idzalemba fayilo ya .KSC ndi foda ya dzina lomwelo yokhala ndi ma .KMP ndi .KSF. Pokopera ku kompyuta tengani zonse, chifukwa .KSC payokha mulibe mawu.