Mafomu a ku Epworth sakugwirizana

Nabanda: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Mafomu a kafukufuku wathu wa za kugonana wa ku Epworth, pafupi ndi Harare, andizunguza mutu. Amayi pafupifupi onse akuti mwamuna ndi mmodzi yekha, kondomu nthawi zonse, pomwe ena mwa iwo ndi oyembekezera. Abambo akutchula zibwenzi zitatu, zinayi. Nanga zibwenzizo amazitenga kuti? Lipoti likufunika Lachisanu.

A Phiri: Ankafunsa ndani, ndipo ankafunsira pati?

Nabanda: Anyamata awiri, pakhonde.

A Phiri: Ndiye mwadziyankha kale mayi. Apongozi akusankha nyemba poteropo, mwini nyumba akudutsa ndi ndowa, angaulule ndani? Mzimayi afunsidwe ndi mzimayi mnzake, m'nyumba, ndipo wofunsayo asakhale wa tchalitchi chake. Funso loti "munayendapo kumbali?" likumveka ngati mlandu. Funsani kuti "mwagonana ndi amuna angati chaka chathachi?" Abambowonso musawakhulupirire msanga, pamaso pa mnyamata amawonjezera.

A Mwale: Zoona, koma kusiyanako si bodza lokha. Amayi oyendayenda sapezekapezeka pa kafukufuku wa khomo ndi khomo, pomwe abambo amawawerengera. Yesani bokosi. Ku chigawo cha Manicaland gulu la wofufuza Simon Gregson linkachita chonchi: wofunsa awerenga funso, woyankha alemba yekha pakapepala kuseri kwa chotchinga, n'kuponya m'bokosi lokhoma ngati povota. Anthu ankatchula zibwenzi zochulukirapo. Zimavuta kwa osatha kulemba basi.

Nabanda: Nanga ACASI, njira ija yomvera mafunso pa mahedifoni n'kuyankha wekha pakompyuta?

Nachisale: Musaikepo mtima wonse achemwali. Kafukufuku wa kuno ku Zimbabwe amene anatuluka mu 2009 anayeza amayi PSA, chizindikiro cha umuna chimene chimapezeka kwa masiku awiri okha. Mwa amene anapezeka nacho, pafupifupi theka anati sanagonane popanda kondomu masiku awiriwo. Oyankha pakompyuta ndi oyankha pamaso sanasiyane kwenikweni. Munthu amachita manyazi ngakhale ali yekha, makamaka ngati ndife tomwe tinamupatsa makondomuwo ndi ulangizi.

Nabanda: Ndiye m'lipoti ndilembe chiyani?

A Mwale: Nambala musazikhudze. Lembani momwe anayankhira, muonjezere kuti ofunsa anali amuna ndipo kunali pakhonde. Za oyembekezerawo, onani kaye kuti funso la kondomu likunena za nthawi yotalika bwanji.

Nabanda: Miyezi itatu. Ena mimbazo ndi zopitirira miyezi itatu, ndiye amenewo ndisawakayikire. Lolemba ndibwererako ndi atsikana awiri. Ndani ali ndi bokosi lokhala ndi loko?